Manda a Kunja kwa Mpanda

Pa siteji ya basi ku Wigston, m'dziko la England, Tiyanjana anamva Chichewa kumbuyo kwake. Bambo wa jombo zamatope ankacheza ndi mayi wonyamula maluwa, amene anali atangokumana nawo.

"Maluwawo ndi a ukwati, mayi?"

"Ayi bambo, ndi a kumanda, kumudzi wina wa kufupi konkuno. Kuli mayi a mpingo wathu wa Mormon amene anamwalira zaka zoposa zana zapitazo. Eni mudzi anakana kuti agone pamodzi ndi anzawo chifukwa cha mpingo wawowo, ndiye anawaika kunja kwa mpanda, okhaokha."

"Patsinde pa mtengo waukulu paja?"

"Mukupadziwa? Pachitika zodabwitsatu! Tapeza wina atalambula udzu wonse mpaka dothi kuonekera, n'kuunda mtumbira, n'kusesa bwinobwino. Azungu a kumpingo akuti ndi chipongwe, akufuna kuitana apolisi. Ine ndati dikirani kaye, dzanja ili ndi la kwathu."

Bambowo anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Apolisi? Mayi, ndi ineyo! Ndimatchetcha kapinga kumandako. Abwana anati ntchito yanga imathera pampanda, koma ine ndinakulira ku Dedza. Munthu wamkulu angagone pathengo, ine fosholo ili m'manja?"

"Simunadziwe kuti kuno manda amawafunditsa kapinga?"

"Ndadziwa lero!"

"Basi ija yafika, tiyeni limodzi mukawafotokozere azungu aja. Mayi aja akhala akudikira wachibale zaka zonsezi, kani wachibaleyo anali m'njira kuchokera ku Dedza!"