Mbiri ya Elifala Kachipande ndi Ntchito Yomwe Atisiyira

Malemu Elifala Kachipande anabadwa pa 9 Meyi 1978 kuno kwa Msakambewa, m'boma la Dowa, m'banja la alimi a fodya. Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale ku Ntchisi, ndipo ku yunivesite anasankha sayansi ya tizilombo toyambitsa matenda.

Mu 2006 anamanga banja ndi mayi Faines a ku Kasakula. Anali mkulu wa mpingo, ndipo kwaya ya kuno ikudziwa mawu awo a besi.

Ine Veronika Mataka ndagwira nawo ntchito mu labotale ku Lilongwe zaka khumi ndi chimodzi. Banja landipempha ndifotokoze zomwe ankachita, pakuti ambiri munkangowaona akutunga madzi m'timabotolo.

Mu 2022 ana anayi a m'mudzi muno anamwalira ndi taifodi wosamva mankhwala. Malemu sanapezenso mtendere. Anaganiza zopha mabakiteriya a taifodiyo ndi mavairasi amene amadya mabakiteriya, koma mabakiteriya amadziteteza. Ali ndi kanthu kotchedwa enzaimu kamene kamayenda pa DNA yawo, ulusi wosunga malangizo a moyo, kufunafuna zilembo zingapo zondondozana mwanjira imodzi yokha. Kakazipeza, kamatembenuzira kunja chilembo chimodzi, n'kuchiika chizindikiro, n'kuchibwezera. DNA yopanda chizindikirocho, monga ya vairasi, imadulidwadulidwa. Malemu ankawauza bambo awo kuti zili ngati nambala ya mlimi pa belo la fodya. Ntchito ya malemu inali kupeza zilembo zimenezi, kuti apeze vairasi amene sangadulidwe.

Zilembo za mabakiteriya a ku Nachisaka ndi a ku Kasakula anazipeza. Zinatsala za mabakiteriya a m'chitsime cha kudimba kuno.

Pa 14 Okutobala anagwa mu labotale ndi sitiroko, ndipo sanalankhulenso. Tsiku lachitatu, m'chipatala, anandikodola kuti ndiwapatse cholembera. Analemba zilembo zinayi. Zimafunika zisanu ndi chimodzi. Dzanja linakana, iwo n'kumangondiyang'ana, misozi ikutsika. Anatisiya pa 21 Okutobala.

Abale anga, sindikunamizani pamaso pa bokosi ili. Kapepalako ndili nako, koma sitikudziwa ngati anali atatsimikiza kapena ankangoganizira. Kubwereza ntchitoyi kutitengera miyezi, ndipo ngakhale titapeza zilembozo, mankhwala akadali kutali. Mvula ili pafupi, ndipo dzulo ndaona ana akumwa pachitsime chija. Chonde, madzi ake muziwiritsa. Malemu akanatha kulankhula, akanakuuzani zomwezi.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Faines. Ana atatu, Yamikani, Luckness ndi Elia. Bambo awo, a Filipo Kachipande. Mng'ono wawo Alexio, ndi alongo awiri.

A Elifala, munatopa nayo ntchitoyi. Ambuye akulandireni. Mupumule mu mtendere.