Dzina la Bashiru Pagalasi la Makina a Masewera

Pamalo odikirira minibasi zotchedwa chapa ku Cuamba, bambo wina wa ku Mandimba anakhala chotsamira chibokosi chachitali chagalasi. Mayi wina anawafunsa:

"Bambo, chimenechi n'chiyani?"

"Ndi makina akale a masewera a pakanema, mayi. Ana anatopa ndi masewera amodzimodzi, ndiye ndinabwera nawo kwa mmisiri kuti awonjezere ena."

"Walephera?"

"Ayi, masewera adzaza tho! Koma wazula zam'kati zakale n'kutaya."

"Nanga mukudandaula chiyani?"

"Ndikayatsa, pagalasipa pankatuluka dzina la katswiri amene palibe anamuposapo. Bashiru, mwana wanga."

"Aa, adzasewera n'kulembanso dzinalo."

"Tinamuika m'manda chaka chatha, mayi. Ndinkayatsa m'mawa uliwonse kuti ndimuone. Lero ndayatsa, mulibe."