Chipere cha Apongozi Chinandisungira Chikwanje

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndimadula nzimbe ku esiteti kuno ku Chikwawa, ndipo chaka chatha ntchitoyi inatsala pang'ono kundipulumuka chifukwa cha m'mimba.

Nditachira malungo, anesi anandiuza kuti ndizidya zakudya zomanga thupi. Nyama sitikanaikwanitsa, ndiye mayi akunyumba anagwira soya: m'mawa phala la soya, madzulo nyama ya soya. Koma mimba inkangofufuma ngati ng'oma, kenako kutsegula. Poona kuti ndikufooka, tinkawonjezeranso soya yemweyo, ati ndipeze mphamvu. Umbuli ndi matenda ndithu! Anzanga akamamaliza ndime, ine ndili pakati, kuthengo ndathamangirako kanayi. Akapitawo anandiuza mosapsatira kuti mwezi ukatha ndili chomwecho, chikwanje apatsa wina. Ndinalira, abale, ine bambo wa ana atatu. Ndinagwada m'nzimbe momwemo n'kufunsa, "Ambuye, ndidye chiyani?"

Yankho linabwera pa njinga ya kabaza. Apongozi anga aakazi a ku Ndamera anafika kudzationa. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, nanji kuwauza za kuchimbudzi! Ndinabisa. Koma iwo ali khale kuseri kwa nyumba, maulendo anga onse ankawaona. Tsiku lachiwiri analankhula ndi mwana wawo, mokweza dala kuti ine ndimve: "Iwe, abambowa uwapha ndi soya wakoyu. Tatenga mphodza ndabwera nazo zija."

Apongoziwo anaziviika, kutaya madziwo, kuzifikisa mpaka makoko onse atachoka, n'kuphika chipere. Chiperetu ine ndinachisiya nditangoyamba kulandira malipiro, ndinkati ndi ndiwo za osauka. Ndinadya pang'ono, mwamanyazi, n'kumadikira nkhondo. M'mimba zii. Mawa lake anawonjezera dzira lowiritsa, kenako mlamba wowamba. Anesi nditawafotokozera anati alipo ena amene soya sawayanja, ndipitirize zomwe zandiyanjazo.

Mwezi usanathe ndinamaliza ndime limodzi ndi anzanga, ndipo chikwanje chili m'manja mwanga mpaka lero. Mulungu alemekezeke! Inu amene mukuvutika, musaleke kupemphera, komanso musanyoze mbale imene yankho labweramo.

Tsiku lonyamuka apongozi ndinagwada kuseri kwa khoma n'kuwomba m'manja. Iwo sanacheuke. Anangouza mwana wawo kuti, "Uwauze kuti ndamva. Koma asiye kunyoza chipere."