Kamzere ka Mpunga wa Amayi Anga

A Dayilekitala, akuluakulu a nthambi zonse, madokotala a makhoti oyera, bambo Villaluz, amuna a Doktora Amparo, pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, ndi inu anzanga a m'matope amene mwaunjikana kumbuyoko pafupi ndi nkhumba yootchayo, ndakuonani, zikomo nonse.

Ine ndine Doroy, kapitawo wa kumunda pa malo ano ofufuzira za mpunga. Sukulu ndinangoisuzumira pazenera. Pepala ndilibe, ndiye ndikatalikitsa wina andikoke malaya.

Woyamba kundiuza kuti a Doktora Amparo akupuma ntchito anali Aling Nening wa kukantini. Akundipakulira mpunga, akuti, "Mang Doroy, anzanu aja akupita." Ine ndikuti, "Apite, mwina nafenso tilaweko chipinda chozizira chija." Iye kundiyang'ana pansi, akuti, "Ndi mapazi amenewo?"

Ndinene poyera lero. Mayi awa ndimawachitira nsanje, ndipo sindinayambe dzulo. Pageti paja tinalowa chaka chimodzi. Iwo anawapatsa khoti loyera, ine chipewa ndi njati yolimira. Tsamba la mpunga ndimathyola ndine, dzuwa lili paliwombo, misundu ikundiyamwa miyendo. Iwo amangolisinja, kudonthezera timadzi tawo, kuika m'makina, n'kutuluka ndi chithunzi cha timizere. Akuti zizindikiro za DNA. Akuti timizere timeneto timanena kuti mpunga uwu ndi m'bale wa uti, mlendo ndi uti. Basi, akwera ndege kukauza dziko. Ine wowokera mpungawo, ulendo wanga wautali ndi wa jipini, kabasi kathu kaja, kupita kumsika.

Koma musawaone kudekha chonchi. Nawonso anali mwana. Atangofika anawapatsa ntchito ya tizilombo ta m'nthaka, tosaoneka ndi maso. Tinawakumbira dothi la kumapiri, la kuchigwa, la kufupi ndi nyanja. Kuyeza ili, kachilombo komweko. Kuyeza ilo, komweko. Mtsikana anasangalala! Anayamba kuuza anthu kuti wapeza kachilombo kamene kadzaza dziko lonse. Ndiye abwana awo a nthawi imeneyo, malemu Doktor Quiambao, anatsegula filiji yosungira dothi lija. Pakati pa timabotolo apeza chiyani? Mbale ya buro, nsomba zowawasa zija, ndiwo za masana za a Doktora Amparo. Malemu ananunkhiza, n'kufunsa mwaulemu, "Iha, mwana wanga, kachilombo kako ka dziko lonseka, umakadya ndi mabiringanya?"

Sekani, sekani. Iwonso akuseka, onani.

Kuchokera tsiku limenelo tonse tinaona zakuda. Ukangogwira chitseko chawo, "Wasamba m'manja?" Dalaivala, mlonda, Dayilekitala, funso ndi lomwelo. Makina atsopano atabwera tinaitana bambo mfumu kuti adzadalitse. Atangokweza dzanja kuti awaze madzi oyera, a Doktora anaima kutsogolo kwa makinawo manja atatambasula. "Bambo, pepani, madziwo ndi osefa?" Wansembe anadalitsira pakhonde.

Tsopano khalani chete pang'ono, ndinene gwero lenileni la nsanje yanga.

Ambiri mukudziwa kuti mudzi wa kwathu kulibenso. Phiri litaphulika, matope a phulusa anatsika n'kukwirira minda, nyumba, ndi tchalitchi chomwe. Amayi anga, Inang Sela, ankalima mpunga wawo wonunkhira umene analandira kwa amayi awo. Mwamwayi, phiri lisanalusire, anthu a pano anali atatapako kadzanja n'kusunga m'botolo. Amayi atamwalira, chimene chinatsala cha kwathu ndi botolo limenelo basi.

Patapita zaka, nkhokwe yathu ya mbewu inadzaza. A Dayilekitala a nthawi imeneyo anati mitundu yofanana isamadye malo kawiri, wina uzichoka. Ndiye panapezeka mpunga wina wochokera kumpoto wofanana ndi wa amayi. Msinkhu umodzi, ngala zimodzi, fungo limodzi. Anaibzala moyandikana opanda zikwangwani, n'kundiitana. "Doroy, iwe ndiwe mwini. Tilozere wa amayi ako."

Abale, ndinazungulira munda umenewo. Ndinanunkhiza. Ndinatafuna njere. Ndinagwada n'kuyang'ana tsinde. Ine amene ndimadzitama kuti mpunga ndimaudziwa ndi kuyenda kwa mphepo, ndinalephera kusiyanitsa. A Dayilekitala akuti, "Ngati mwini walephera, ndiye kuti ndi umodzi. Botolo la kumpoto lili ndi mbewu zambiri, litsale. Linalo lichoke mwezi ukatha."

Sindinapite kukadandaula kwa a Doktora, ayi. Ndingapemphe bwanji kwa munthu amene sanagwirepo chikwakwa? Anabwera okha. "Mang Doroy, mundithyolere masamba anthete, mbali zonse ziwiri."

Ine ndikuti, "Doktora, chandilaka ine mwana wake, inu mukachipeza m'timadontho?"

Akuti, "Thyolani masamba, pakamwa mupumitse."

Ndinathyola. Anayeza zizindikiro zoyamba, timizere tinaima mofanana ngati asilikali. Anayeza zina, chimodzimodzi. Ndinawatsekereza panjira ya kukantini. "Doktora, tangonenani kuti ndi yosiyana. Adziwa ndani?" Anandiyang'ana ngati ndalowa ndi matope m'tchalitchi. "Mang Doroy, ikakhala yofanana ndidzanena kuti ndi yofanana, ngakhale mundide mpaka kumanda. Koma zizindikiro zilipo zambiri, ndipo ine sindinatope." Ndinawada ndithu. Moni ndinasiya. Mwezi unkatha, iwo ali m'chipinda chawo chozizira, ine ndikuwawerengera machimo kumunda. Tsiku lomaliza madzulo ndinaona botolo la amayi litaikidwa kale pathebulo la zochotsa. Ndinapita kunyumba osatsanzika munthu.

Mawa lake m'mawa ndili m'matope mpaka m'mawondo, ndingomva, "Mang Doroy! Mang Doroy!" Kucheuka, khoti loyera likubwera pamzere wa munda. Anaterereka, n'kulowa m'madzi ndi nsapato za ku ofesi, dzanja limodzi lili m'mwamba kuti chithunzi chisanyowe. Njati inasiya kudya n'kumawayang'ana. Afika pamene ndinali, akupuma wefuwefu, akuloza ndi chala. Timizere tonse tinali tofanana, koma pansi penipeni kamzere kamodzi kanatsikirako, kali pakokha.

"Uwu ndi wa kumpoto," akutero. "Awa ndi amayi anu."

Ndinayang'anitsitsa. Kamzere kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda. Ine ndinadya mpunga umenewo ndisanamere mano, ndinaupeta, ndinaugonera pamsana pa amayi, koma titakumana pamunda ndinawadutsa ngati mlendo. Amene anawazindikira ndi mayi wa ku tauni amene sanawaonepo. Mundiuze, ndisachite nsanje? Ndidzafa nayo. Botolo lija linabwerera m'nkhokwe tsiku lomwelo, ndipo chaka chathachi mabanja a kwathu amene anasamukira kutsidya la mtsinje anadzatengako mbewu.

A Doktora Amparo, zikomo. Zikomo chifukwa chokana kundinamizira. Mukanandimvera tsiku lija, bwenzi mpaka lero ndikukayika ngati m'botolomo mulidi amayi anga. Mwatumikira malo ano ndi manja oyera ndi mtima wouma bwino. Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuotcheni, mukasewere ndi zidzukuluzi, bambo Villaluz akakuphikireni.

Inu a kumbuyoko, siyani kaye nkhumbayo. Tonse tiimirire. Tiwaombere m'manja a Doktora mpaka njati kumunda zimve!