Achimwene Anandiletsa Kumanga Zipinda

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1968, oyamba m'banja la ana anayi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo.

Anayamba sukulu mu 1974, ndipo mu 1991 anamaliza maphunziro a miyala ndi nthaka ku yunivesite. Mu 1994 anamanga banja ndi alamu athuwa.

Mu 2003 analembedwa ntchito ku kampani yofufuza mafuta ndi gasi. Ankatsitsa chipangizo pa waya m'zitsime zakuya, kuyeza kutentha kwa pansi. Ankatiuza kuti pansipa pali ngati pamoto: kutentha kukachepa mafuta sapsa, kukakwanira amapezeka, kukapitirira kumangotsala gasi. Mayi athu ankawaseka kuti sukulu yonse ija inangowatulutsa namwino woyeza dothi malungo. Manambalawo ankawerengera m'kachipinda kachitsulo kopanda windo, ndipo lipoti lililonse ankalilumbirira kuti sadzaulula kanthu kwa zaka khumi, ngakhale kwa akazi awo.

Mu 2014 kampani ija inadzakumba kwathu kuno. Tonse tinati umphawi watha. Ine ndinagulitsa munda kuti ndimange zipinda khumi ndi ziwiri zoti antchito a mafuta azidzachita lendi. Malemu anabwera katatu kudzandiletsa. Ndikafunsa chifukwa, ankangoyang'ana pansi. Ndinawanena kuti ali ndi kaduka, ana awo akumva.

Mu 2017 kampani inalongedza, n'kutulutsa lipoti lonena kuti miyala ya kuno ndi yozizira, sinaphikepo mafuta. Pa lipotilo panali dzina la achimwene, ndipo analisainira mu Malichi 2014, ine ndisanayale njerwa ndi imodzi yomwe. Ndinapsa mtima kuposa kale. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinaponde pakhomo pawo. Iwo sanadziikire kumbuyo, poti lumbiro linali likadawamanga pakamwa.

Mu Novembala 2023 anadwala sitiroko, ndipo kulankhula kunatheratu. Nditapita kukawazonda, alamu anandionetsa kalendala ya kuchipinda. Pa 4 Malichi 2024, tsiku lotha lumbiro, anali atazunguliza ndi cholembera n'kulembapo dzina langa. Tsikulo linafika ine ndili pambali pa bedi lawo. Anandigwira dzanja, n'kuyesa kulankhula, koma mawu osatuluka. Anatisiya pa 19 Malichi.

Asiya akazi awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, a mpingo, anzawo akuntchito ndi achinansi nonse amene mwatigwira dzanja.

Inu ochokera kutali, malo amene takusungiraniwo ndi zipinda zija. Chizimangire, aka n'koyamba kuti zidzaze zonse, ndipo amene azidzaza ndi omwe anandiletsa kuzimanga.

Achimwene, ndinakulakwirani. Pitani mukapume kumene kulibe lumbiro. Mzimu wanu uuse mumtendere.