Kabudula wa Zaka Zisanu ndi Zitatu

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti sukulu itsegulire, akazi a mlonda analowa m'kashopu ka atelala atapanira nsalu yotuwa m'khwapa, dzanja linalo likukoka mwana wawo woyamba, kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi kopanda mano awiri akutsogolo. Pa benchi panali patakhala kale mayi woluka tsitsi uja, amene nkhani ikamulowa m'khutu m'mawa, pofika masana imakhala itafika kumapeto kwa msewu itanenepa.

Nsaluyo inali imodzi yokha, ndipo akazi a mlonda anali atalumbira kuti sipadzagulidwanso ina. Anaiyala patebulo, kuisisita ngati khanda, n'kuuza atelala kuti akufuna kabudula mmodzi woti mwanayo avale kuyambira Lolemba mpaka tsiku lomaliza pulayimale. Zaka zisanu ndi zitatu zathunthu.

Ndiye atelalawo muwadziwe. Nkhalamba ya magalasi omanga ndi ulusi, yoti chibadwire sinasekepo nthabwala chifukwa siidziwa pamene yayambira. Anayang'ana mwana, anayang'ana nsalu.

"Ndisokere mwana uyu, kapena amene adzakhalepo pa zaka khumi ndi zinayi?"

"Ndi mmodzimodzi ameneyo."

"Ayi, mayi. Uyu ndamuona. Winayo sindinamuone."

"Sokani wamkulu basi, adzakuliramo."

"Wamkulu mainchesi angati?"

"Wa munthu wamtali, atelala. Mukufuna ndikujambulireni?"

Atelala anati chojambula chingathandize. Kenako anatsitsa pashelefu chibuku chakuda chothothoka chikuto, momwe analembamo miyeso ya aliyense wa mumsewumo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo anayamba kufotokoza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa kalasi ya ogona. Akuti ana sakula mwachisawawa. Chaka choyamba khanda limasiya zovala mwezi ndi mwezi. Likayamba kuyenda liwiro limatsika, mainchesi awiri pachaka, awiri pachaka, mano n'kumagwa, ena n'kumamera. Akafika zaka khumi ndi zitatu miyendo imathawa n'kusiya thupi m'mbuyo, mawu n'kusweka. Koma pothera pa zonsezo, mnyamata amakaima pafupi ndi pamene anaima bambo ake. Ananyowetsa chala ndi malovu, kutsegula tsamba.

"Awa amuna anu. Chaka chatha ndinawafupikitsira buluku la kuntchito. Zodulazo ndinasokera thumba la foni ndi kachipewa ka khanda."

Apa ndiye panali pachilonda. Akazi a mlonda amawakonda amuna awo, zimenezo palibe angatsutse, koma msinkhu wawo unkawadya mumtima. Msewu wonse ukudziwa kuti pa chithunzi cha ukwati chopachikidwa pabalaza paja, mkwati anaima pa njerwa ziwiri, wojambula n'kudula chithunzicho m'maondo. Pageti pamene amalondera eti anawaikira kabokosi koti azikwerapo posuzumira alendo. Mayiwo anamva woluka tsitsi akukhosomola kachifuwa kabodza pa benchi.

"Mwana wanga sadzatenga zimenezo."

"Buku likuti adzatenga."

"Amene anamubereka ndi buku? Muoneni bwinobwino mwanayu. Alibe chilichonse cha bambo ake."

"Chilichonse?"

"Mphuno ayi. Miyendo ayi. Mayendedwe ayi. Ngakhale chikhadabo."

Ananena mokweza, chifuwa patsogolo, kuti benchi imve. Benchi inamvadi. Woluka tsitsi anasiya kukanda foni.

Atelala anati mkangano wa pakamwa sutha, womaliza ndi tepi. Anakweza mwanayo pa sitululu, namuuza aime chilili. Anamuyeza kuchokera pabondo kufika pachidendene. Anachita tsinya. Anapukuta magalasi ndi kansanza, kuyezanso. Anapondetsa phazi la mwanayo papepala n'kulizunguliza ndi choko. Ndiye anayamba kubwerera m'mbuyo m'chibuku chija, masamba achikasu, ena odyedwa ndi mphemvu, akung'ung'udza manambala.

"Mayi, mundikhululukire. Mwanena zoona."

Akazi a mlonda anakonza mpango kumutu, kutembenukira ku benchi pang'onopang'ono kuti chimwemwe chawo chioneke mbali zonse.

"Bwerezani, atelala, ena sanamve."

"Mwanena zoona. Amuna anu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndinawasokera kabudula ine ndemwe, nawu muyeso wake: mainchesi asanu ndi anayi pabondo mpaka pansi. Uyu khumi ndi awiri. Palibe pofanana."

"Mwamva?" anatero akazi a mlonda, maso ali ku benchi.

"M'buku lonseli mwana wa khumi ndi awiri pa msinkhu umenewu analipo mmodzi yekha. Ndi phazi lomwe, chala chachiwiri chotalika chomwechi." Anatembenuza bukulo kuti mayiwo aone, ngakhale pamene analiikapo amene ankaona bwino anali wa pa benchi. "Woyendetsa lole uja. Amene amawerama polowa pakhomo langali."

Mwana uja ankangoliza mpweya pa mpata wa mano ake.

"Mwamwayi simuvutika kumufuna," atelala anapitiriza, akunola choko. "Si uja amachita lendi kuseri kwa nyumba yanu? Chaka chachisanu ndi chiwiri chino, ngati sindikulakwa. Mubwere naye masana ano ndimuyeze m'chiuno, ndidule molondola."

Msewu wonse ukudziwa nthawi imene mlonda amapita kuntchito ndi nthawi imene amabwerako, ndipo woluka tsitsi anali atayamba kuwerenga zala, milomo ikugwedera. Akazi a mlonda anayamba kudziteteza potchula agogo awo aamuna, akuti anali chimunthu chachitali chothyola zipatso osakwera mtengo. Atelala anafunsa ngati agogowo angabwere kudzayezedwa. Anamwalira. Chithunzi? Chinapsa. Atelala anati munthu wopanda muyeso sangamuike m'buku.

"Mwanayu anaima chonyanyamphira. Yezaninso."

"Ndayeza kawiri, chidendene chili pansi."

"Tepi yanuyo yakalamba, yafota."

"Ikanafota ikanafotera onse, mayi. Ndi yomweyi."

"Taonani makutuwa. Si a bambo ake enieni awa?"

"Makutu sindisoka."

"Kaseka kake, atelala. Akamaseka ndi bambo ake kutsogolo ndi kumbuyo."

"Mwanena nokha kuti ngakhale chikhadabo. Mayi awa ndi mboni."

Mboniyo inagwedeza mutu mwaulemu kwambiri, ikutola chikwama chake. Diresi lake limene inkadikirira kuyambira m'mamawa linasiya kukhala lachangu. Inati ikabweranso, pali kasitomala akuidikira, koma sinatuluke ayi. Inaima pakhomo, phazi limodzi kunja, khutu limodzi mkati.

Atelala anali atayala kale nsalu ija n'kujambula ndi choko kabudula wa munthu wamtali, mzere wake kuchoka kumphepete kuno kukafika uko. Anafotokoza mokondwa kuti Lolemba kabudulayo adzamufika mwanayo m'mapazi, koma apinda mpendero kasanu ndi kawiri, chaka chilichonse mayi azingomasula kamodzi, ndipo pofika kalasi yomaliza aliyense womuona adzavomereza kuti telala anadziwa kumene mwanayu akupita. Anatsegula sizasi.

Akazi a mlonda anawagwira dzanja. Anaona zaka zisanu ndi zitatu za kabudula ameneyo akuyenda mumsewu m'mawa uliwonse, kudutsa pa saluni, kudutsa pamene amaimika lole, mpendero ukutsika chaka ndi chaka anthu akuwerenga.

"Dulani waufupi."

"Sakwana zaka zisanu ndi zitatu, mayi. Ngakhale ziwiri."

"Dulani wa muyeso wa bambo ake."

"Bambo ake ati?" anafunsa atelala, chala chili pakati pa masamba awiri, nkhope yoyera ngati ya mwana wa kwaya.

Pakhomo panamveka kaphokoso ngati munthu watsamwa ndi madzi.

"Amuna anga, atelala! Tsamba loyamba lija."

Atelala anapukusa mutu, nati nsalu ndi ya eni ake, koma iwo alemba m'buku kuti anachenjeza. Anafufuta mzere wautali uja ndi chikhatho, kujambula kakafupi. Akazi a mlonda anatsitsa mwana wawo pa sitululu, ndipo ataona mmene waimira, khosi njoo, mutu ukuwafika kale pachifuwa, anamudina paliwombo ndi dzanja lonse.

"Iwe, werama. Ndipo undimvetse bwino: ukangoyerekeza kuwapitirira bambo ako, udzandiona."