Tsiku Limene Bambo Anathena Chamba Changa

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya!

Ine ndine Fanuwelo wa ku Champiti. Ndinaphunzirako zaulimi ku koleji. Sindinamalize. Fizi ndi imene inamaliza, ine ndisanamalize.

Boma litalola ulimi wa chamba chamankhwala, ndinalowa gulu la alimi lokhala ndi chiphaso. Abusa, musayang'ane kukhomo, apolisi sabwera. Ndinkati ndikakolola ndibwerera kusukulu. Munda umenewo ndiwo unali njira yanga yobwererera.

Koma mbewu inafika mochedwa. Chamba chinachita maluwa chikadali cholekeza m'mawondo. Abale, chuma cha chamba chili m'maluwa. Ndinati ngakhale achepe, ndi anga. Ndinkangodulira timasamba tam'munsi, maluwawo ndikuwalera ngati khanda.

Kenaka mkazi wanga anagonekedwa kuchipatala ku Boma, ndinapita kukamudikirira. Kumudzi kunatsala bambo anga, nkhalamba yoti yalima fodya moyo wake wonse, chifuwa chikuwasautsa kale.

Nditabwerera ndinawapeza kumunda atakhala pamzere, manja ali bii ndi utomoni, akupuma movutikira. Akumwetulira!

"Fanu, fodya wakoyu anathamangira maluwa. Ndamuthena yense, ndadula mitu yonse. Tsopano masamba anenepa. Ku kolejiko sanakuphunzitseni?"

Yense, abale. Yense! Maluwa ali mbwee pansi, mvula itawamenya, ataola.

Ndinatsegula pakamwa. Inu mukundidziwa, pakamwa panga sipatseka ngakhale pamaliro. Mawu anali atafika pano, pakhosi. Koma Mulungu anandigwira lilime. Ndinaona mawondo awo ali matope okhaokha. Munda wonse anauthena chokwawa, poti kuimirira sankathanso.

Ndinati, "Zikomo bambo. Phunziro limenelo analiphunzitsa ine nditachoka kale."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Timaluwa tinaphukanso, koma tochepa, wogula sanatiyang'ane n'komwe. Chimanga chisanaume m'munda, bambo anagona pamphasa osadzukanso. Tsiku lina anandiitana.

"Masamba aja ananenepa?"

"Ananenepa, bambo."

Sindinaname, abale. Ananenepa ndithu. Masamba okongola zedi, opanda wowagula.

"Basi, ubwerera kusukulu."

Ndinangowagwira dzanja. Patangopita masiku ochepa tinawaika.

Kusukulu sindinabwerere. Ndinalira, ndinafunsa Mulungu mafunso ambiri kuposa amene ndinayankhapo pamayeso. Yankho linabwera mochedwa ngati mbewu ija: bambo anga anapita akudziwa kuti anathandiza mwana wawo. Ndikanalankhula tsiku lija, akanapita ndi manyazi, ndipo manyazi amenewo palibe digiri imene ikanawafufuta.

Lero mkazi wanga anachira, ndi uyo wavala duku loyerayo. Timalima mbatata ya kachewere, timagulitsa m'mbali mwa msewu, ana amadya. Zikomo Yesu! Ndasankha mbewu yobisa chuma chake pansi, kumene wondikonda sangachifikire.

Kachewere akachita maluwa, sindithena ngakhale limodzi. Ndimaima pamzere, ndimavula chipewa, ndimati, "Bambo, awa tiwasiye."

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.